Miyezi yachisanu pakhomo la ana ku Gulupu

Mwezi wa Juni ukafika, mzinda wa Blantyre umadzuka mochedwa. Chiperoni chochokera kumapiri a ku Mozambique chimakuta Soche, Michiru ndi Ndirande, mwakuti munthu woima pa Ginnery Corner m'mamawa saona phiri ndi limodzi lomwe. Mvula yeniyeni imakhala italeka kale mu Epulo. Matope adauma, mtsinje wa Mudi wachepa madzi, udzudzu wabisala, ndipo nkhani za kolera zimene zimadzaza wailesi m'dzinja zayamba kuiwalika. Kwa anthu ambiri iyi ndi nyengo ya chimfine ndi chifuwa, ya majuzi ndi mbaula, ya mbatata yootcha ndi nzimbe. Kutsegula m'mimba amakuwerengera m'gulu la mavuto a nthawi ya mvula, pamodzi ndi malungo ndi njala.

Koma madokotala a ana pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe anthu wamba amachitcha Gulupu, adazindikira kalekale kuti miyezi youmayi ili ndi kutsegula m'mimba kwakekwake. Sikulimbana ndi akuluakulu kwenikweni. Kumafuna makanda, makamaka amene sadakwanitse chaka, ndipo gwero lake si mabakiteriya a m'madzi osefukira ayi, koma mavairasi. Kafukufuku wa zaka zambiri pachipatalachi adaonetsa kuti wamkulu wa mavairasiwa, wotchedwa rotavirus, amapezeka chaka chonse koma amachuluka m'miyezi yopanda mvula, kuyambira cha mu Meyi kufika Okutobala.

Wofuna kumvetsa za mabenchi a ku Gulupu ayambire ulendo wake ku Ndirande, kumene ambiri mwa ana okhala pamabenchiwo amachokera. Nyumba kumeneko zidathithikana m'tsinde mwa phiri lomwe mitengo yake idatha kalekale, ndipo tinjira ta pakati pake n'topapatiza moti anthu awiri osenza ndowa amapatsana mpata. Papoloti imodzi pamakhala mabanja angapo, chimbudzi chimodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo matewera. Madzi ndi ogula pandowa. Ambiri mwa madzi a mzindawu amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire, kukwezedwa chitunda mtunda wautali, choncho magetsi akavuta mipopi nayo imauma. M'nyumba imene madzi ndi a ndalama, oyamba ndi ophikira, achiwiri akumwa, achitatu ochapira. Osamba m'manja amadikira otsala.

Chinanso chimene mlendo amaona msanga ku Ndirande n'chokondweretsa: khanda silikhala m'manja amodzi. Limachoka kumsana kwa mayi wake kupita kwa mchemwali wake wa zaka 8, kuchoka apo kwa mnansi wokazinga mandasi, kenaka kwa agogo amene akuothera dzuwa pakhonde. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero akale, ndipo kumeneko mawuwa amachitika ndithu tsiku ndi tsiku. Tsoka lake n'lakuti kachirombo kaja kamayenda m'njira yomweyo ya chifundo, kuchoka pathewera kupita m'manja, pachitenje, pasupuni, pachidole cha botolo la pulasitiki chimene ana atatu akulimbirana, mpaka m'kamwa mwa khanda lina.

Kachiromboka n'kakang'ono koti makina oonera malungo m'magazi sangakaone. Adayamba kukaona m'chaka cha 1973 ndi Ruth Bishop ndi anzake pachipatala cha ana mumzinda wa Melbourne ku Australia, m'timinofu totengedwa m'matumbo a ana odwala. Maonekedwe ake ndi a gudumu la ngolo, ndipo dzina lakuti rotavirus lidachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza gudumu. Chimbudzi cha mwana wodwala cholemera galamu imodzi yokha chimatha kukhala ndi tizirombo mabiliyoni, pamene tosakwana 100 n'tokwanira kudwalitsa mwana wina. Pamphasa kapena pachitseko timakhala ndi moyo masiku angapo tikudikira.

Apa pali choonadi chimene chimasautsa anthu ogwira ntchito zaukhondo, koma chiyenera kunenedwa. Katemera asanabwere, pafupifupi mwana aliyense padziko lapansi ankadwala rotavirus asanakwanitse zaka 5, wa ku London chimodzimodzi wa ku Ndirande. Mjigo, chimbudzi chovundikira ndi mpondagiya ndi zida zamphamvu polimbana ndi kolera, kamwazi ndi taifodi, ndipo palibe mlangizi wanzeru amene angazipeputse. Koma rotavirus amadutsa ngakhale m'nyumba za matailosi. Kusiyana kwa maiko olemera ndi osauka sikudali pa amene akudwala, koma pa amene akumwalira: chiyerekezo cha bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO chidati kachiromboka kadapha ana pafupifupi 528,000 m'chaka cha 2000 ndi 215,000 m'chaka cha 2013, ambiri mwa iwo a mu Africa ndi kummwera kwa Asia. Choncho mayi wobwera ndi khanda lotsegula m'mimba mu Juni si woyenera kumukalipira za uve. Wokalipiridwa lero, mawa amachedwa kubwera.

Matendawa amayamba patatha pafupifupi masiku awiri kachirombo katalowa. Khanda limene lidagona bwinobwino limadzuka pakati pa usiku likusanza, thupi lili moto. Pofika m'mawa chimbudzi chasanduka madzi okhaokha, kasanu, kakhumi, mpaka matewera kutha pachingwe. Zimene zikuchitika m'kati mlimi aliyense angazimvetse. M'matumbo aang'ono muli timinofu toimirira ngati udzu, ndipo ndi timeneti timayamwa madzi ndi chakudya kulowetsa m'magazi. Kachiromboka kamaononga nsonga za timinofuti, n'kutulutsanso poizoni wochititsa matumbo kukha madzi. Zikatero zonse zolowa m'mimba zimangodutsa, monga momwe mvula imathamangira paphiri la Ndirande popanda choigwira. Udzuwo umaphukanso wokha. Pakatha masiku 3 mpaka 8 matenda amakhala atatha popanda mankhwala opha kachirombo, omwe ndiponso kulibe. Funso ndi lakuti kodi mwanayo afika tsiku limenelo ali ndi madzi m'thupi? Khanda la makilogalamu 6 likataya madzi okwana mamililita 600, omwe ndi mabotolo awiri okha a zakumwa zoziziritsa kukhosi, limakhala pamlomo pa imfa.

M'maola amenewa, asanaganize za chipatala, pakhomo pamakhala msonkhano. Wina amati ndi mano. Zoona, mano amayamba kumera cha pa miyezi 6, koma ndi nthawi yomweyonso imene chitetezo chimene mwana adabadwa nacho kuchokera kwa mayi wake chimachepa, imene amayamba phala, kukwawa ndi kuika m'kamwa chilichonse chimene watola. Mano amangofika tsiku limodzi ndi mlandu, sindiwo adapalamula. Wina amati ndi tsempho, ndipo maso onse amatembenukira kwa bambo wa mwana. Wina amati mkaka wa mayi waonongeka, mwana asiye kuyamwa, uphungu umene mwa onsewo ndiwo woopsa zedi, chifukwa bere ndilo chakumwa chokhacho chimene khanda lodwala silikana msanga.

Ndiye pali liwombo. Agogo amene amayendetsa chala pamutu pa khanda n'kunena kuti liwombo lalowa sakulakwitsa konse. Aona chizindikiro chimene dokotala nayenso amachifufuza. Liwombo limalowa chifukwa madzi m'thupi achepa, monga dothi la padambo limang'aluka m'chilimwe. Polakwika ndi pochiza pokha: mankhwala omata pamwamba pa mutu sangabwezere madzi amene akutayikira pansi. Mlangizi wochenjera sakangana ndi agogo za dzina la matenda. Amawayamikira kuti aona bwino, n'kuwapatsa kapu ndi supuni.

Chimene chimadya ndalama ndi nthawi koposa zonsezi ndi kagolosale ka pakona. Kumeneko mapiritsi a Bactrim ndi Flagyl amagulidwa awiriawiri ngati maswiti, kuphwanyidwa pasupuni n'kumwetsedwa kwa khanda. Mankhwalawa amapha mabakiteriya ndi tizirombo tina, koma vairasi samukhudza ngakhale pang'ono. Mapiritsi oimitsa m'mimba, amene akuluakulu amamwa akakhala paulendo, ndi oopsa kwa mwana wamng'ono ndipo sayenera kupatsidwa. Banja likapereka mankhwala oterewa limaona ngati lachitapo kanthu, n'kudikira kuti agwire ntchito. Tsiku lathunthu limatha choncho.

Njira yopita ku Gulupu imadzera pachipatala chaching'ono cha m'dera, monga cha Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe kapena Chilomoni, kumene ana ambiri amathandizidwa n'kubwerera kwawo. Amene afooka kwambiri amalemberedwa kalata. Kuchoka ku Ndirande minibasi zimatsika kudzera m'dera la mafakitale la Makata kukatulukira mumsewu waukulu wa Masauko Chipembere, ulendo wosatenga nthawi masana. Usiku ndi nkhani ina. Minibasi zikaleka, patsala njinga yamoto kapena galimoto ya hayala, ndipo mtengo wake umachititsa bambo kunena mawu amene anamwino amawamva kawirikawiri m'mawa mwake: tinati kuche kaye. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mumzindawu, ndipo kwa zaka zambiri Gulupu, chipatala chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 1958, chasenza ntchito ziwiri: yolandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse cha kummwera, ndi yokhala chipatala cha boma la Blantyre lenilenilo.

Khomo la ana odwala mwadzidzidzi pachipatalachi silioneka ngati malo a mbiri. Pali mabenchi, sikelo, amayi ofunda zitenje ziwiriziwiri, kulira kwa ana ndi fungo la mankhwala okolopera. Komabe zimene zidachitika pakhomo limeneli zidasintha kalandiridwe ka ana m'zipatala za maiko ambiri. Chisanafike chaka cha 2001, ana ankaonedwa motsata mzere, wofika m'mawa patsogolo, wofika mochedwa pambuyo, ndipo mwana wodwalitsitsa ankatha kutsirizika kumsana kwa mayi wake akudikira mwaulemu nthawi yake. M'chaka chimenecho madokotala a ana, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, adakonza malo atsopano ndi dongosolo latsopano: mwana aliyense aonedwe pakhomo pomwepo akangofika, ndipo wodwalitsitsa alowe poyamba ngakhale wafika pomaliza. Lipoti lawo la 2006 lidaonetsa kuti imfa pakati pa ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa 100 aliwonse kufika pa 6 mpaka 8. Sadabweretse mankhwala achilendo. Adangosintha mzere ndi kuphunzitsa maso. Buku la WHO la 2005 lophunzitsa njirayi, yotchedwa ETAT, lidatengera kwambiri zimene zidayesedwa ku Blantyre.

Namwino wa pakhomopo sagwiritsa ntchito makina. Amavundukula chitenje, n'kuyang'ana kapumidwe. Amagwira dzanja la mwana kuti amve ngati lazizira. Amaona maso ngati alowa, ndiponso ngati mwanayo akumutsatira ndi maso kapena wangoti lefu. Amatsina khungu la pamimba n'kulisiya: la mwana wamadzi okwanira limabwerera nthawi yomweyo, koma likaima masekondi oposa awiri ngati khwinya la nsalu, zinthu zafika poipa. Mafunso ake ndi aafupi. “Mayi, wayamba liti? Akuyamwa? Wakodza komaliza nthawi yanji? Muli magazi m'chimbudzimo?” Pasanathe mphindi imodzi wadziwa ngati mwanayo ndi wothamangira naye m'kati, woonedwa msanga, kapena wodikira pabenchi. Mwana wolira mokuwa samudetsa nkhawa kwambiri. Amene amamuopsa ndi wachete uja.

Chodabwitsa kwa mlendo n'chakuti pakhomopa palibe amene amafunsa dzina la vairasi. Kaya ndi rotavirus kaya mnzake wina, chithandizo n'chimodzi, ndipo chimayezedwa ndi kuchuluka kwa madzi amene atayika. Mwana amene madzi achepa pang'ono, amene maso alowa koma akumwa mwaphuma, amakhazikidwa pambali ndi mayi wake n'kupatsidwa madzi a ORS, amene ambiri adawazolowera ndi dzina la Thanzi. Muyezo wake ndi mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse m'maola 4. Kwa khanda la makilogalamu 6 ndiye kuti mamililita 450. Samwetsa ndi kapu ayi, koma supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Akasanza, mayi adikire mphindi 10, ayambirenso pang'onopang'ono, ndipo bere lisaleke.

Amayi ena nkhope zimagwa akapatsidwa supuniyo. Adalipira galimoto, adasiya geni, adayembekeza jakisoni kapena dilipi, ndipo akupatsidwa madzi a mchere ndi shuga. Kukhumudwako n'komveka, koma madziwo si chithandizo cha osauka chongotonthozera. M'matumbo muli khomo limene mchere umalowera pokhapokha utatsagana ndi shuga, ndipo mchere ukalowa madzi amautsatira. Khomo limeneli limagwirabe ntchito ngakhale matumbo akudwala. Mphamvu yake idaoneka poyera m'chaka cha 1971, pamene dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, atasowa madilipi pamsasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, adamwetsa odwala kolera madzi oterewa ndipo imfa zidatsika kuchoka pa 30 mwa 100 aliwonse kufika pochepera 4. Muyezo ndiwo chinsinsi chake: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo, osachepetsa madzi pofuna kuti mankhwala akhale amphamvu. Fanta ndi Sobo, zimene abale okonda mwana amabwera nazo m'zikwama, zili ndi shuga wochuluka popanda mchere wokwanira, ndipo zimakoka madzi kulowa m'matumbo m'malo mowatulutsamo. Pakatha maola awiri kapena atatu a supuni, mwana amene adangoti zii amayamba kukankha dzanja la mayi wake ndi kulira mwaukali. Anamwino amakondwa nako kulira kumeneko.

Dilipi ndi ya mwana amene sangathenso kumwa. Iye amafunika mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse kudzera m'mtsempha, gawo loyamba mofulumira, lotsala pang'onopang'ono. Vuto n'lakuti mitsempha ya khanda louma imaphwa ngati payipi yopanda madzi. Amaifunafuna padzanja, paphazi, ngakhale pamutu, ndipo ikakanika amalowetsa singano m'fupa la mwendo, m'munsi mwa bondo, momwe madzi amathanso kulowera m'magazi. Mayi woona zimenezi koyamba amatembenukira kukhoma. Mwana wonyentchera kwambiri, kapena wotupa mapazi chifukwa chosowa zakudya, ali ndi malamulo ena: mtima wake ndi wofooka ndipo madzi othamangitsidwa angamuphe, choncho amapatsidwa madzi apadera otchedwa ReSoMal mosamala kwambiri, n'kupita ku wodi ya Moyo, kumene ana otere amasamalidwa.

Si kutsegula m'mimba konse kumene kuli kwa vairasi, ndipo ndicho chifukwa chake namwino uja adafunsa za magazi. Chimbudzi cha magazi ndi kamwazi, amene amafunadi maantibayotiki olembedwa ndi dokotala. Chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga, chotuluka mosalekeza ndiponso chogwira akuluakulu, chimakumbutsa kolera, amene m'zaka za 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Mwana wotentha thupi amayezedwanso malungo, popeza nawonso amatha kubwera ndi kusanza. Kutsegula kopitirira masiku 14 kumafuna kufufuza zina.

Dzina la vairasi limafunsidwa kuseri, m'labotale, ndipo yankho lake silithandiza mwana wa lero koma wa chaka chamawa. Kuyambira m'chaka cha 1997, akatswiri a sukulu ya udokotala ya College of Medicine, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, pamodzi ndi anzawo a University of Liverpool monga Nigel Cunliffe, akhala akutenga chimbudzi cha ana otsegula m'mimba ku Gulupu m'timabotolo n'kuchiyeza. Ndi ntchito yosasiririka, koma yapangitsa Blantyre kukhala umodzi mwa mizinda ya mu Africa imene mbiri ya matendawa idalembedwa kwa nthawi yaitali. M'zaka 10 zoyambirira, mwana mmodzi mwa atatu aliwonse oyezedwa adapezeka ndi rotavirus, ndipo ambiri adali osakwana chaka. Adapezanso mtundu wina wa kachiromboka, wotchedwa G8, umene ku Ulaya sukhala wofala mwa anthu koma umadziwika bwino mwa ng'ombe. Alimi a ziweto amaudziwa mtundu wa matendawa ngakhale sadziwa dzina lake: ana a ng'ombe ndi a nkhumba nawo amatsegula m'mimba ndi rotavirus wawo.

M'timabotolo tija mumapezekanso ena. Adenovirus ali ndi mitundu yambiri, ina ya chimfine ndi maso, koma ya nambala 40 ndi 41 imakonda matumbo a ana ndipo kutsegula kwake kumachedwerapo kutha. Norovirus adatenga dzina ku tauni ya Norwalk ku America, kumene adadwalitsa ana asukulu m'chaka cha 1968. Iye sasankha msinkhu, amagwetsa banja lonse ndi kusanza kwa tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo mankhwala opaka m'manja aja adatchuka nthawi ya Covid-19 samugonjetsa bwino monga sopo ndi madzi. Palinso sapovirus, wa dzina la mzinda wa Sapporo ku Japan, ndi astrovirus wooneka ngati nyenyezi. Mwa onsewa, amene ali ndi katemera woperekedwa kusikelo ndi rotavirus yekha.

Katemerayo naye adadzera pomwepa. Pakati pa 2005 ndi 2007 makanda a ku Blantyre ndi a ku South Africa adalowa m'kafukufuku woyesa katemera wa Rotarix, ndipo zotsatira zidatuluka m'chaka cha 2010. Poyamba zidaoneka zogwetsa ulesi: ku South Africa katemerayu adachepetsa matenda aakulu a rotavirus ndi 77 pa 100, koma ku Malawi ndi 49 pa 100 basi. Kuwerenga kwachiwiri kudaonetsa china. Popeza matendawa adali ochuluka kwambiri ku Malawi, mwa ana 100 olandira katemera, opulumuka kumatenda aakulu pachaka adali pafupifupi 7 ku Malawi ndi 4 ku South Africa. Theka la nkhokwe yaikulu limaposa nkhokwe yaing'ono yodzaza. Umboni wotere udathandiza WHO kulangiza, m'chaka cha 2009, kuti maiko onse aike katemerayu pandandanda wa makanda.

Dziko la South Africa lidayamba m'chaka chomwecho cha 2009. Malawi idayamba pa 29 Okutobala 2012, ndi madontho a m'kamwa operekedwa kawiri, mwana ali ndi masabata 6 ndi 10. Zambia idafalitsa katemerayu dziko lonse mu 2013, Zimbabwe mu 2014, Mozambique mu 2015. Ku Gulupu kuwerenga kudapitirira. M'miyezi yofanana ya chaka, makanda ogonekedwa chifukwa chotsegula m'mimba amene adapezeka ndi rotavirus adali theka katemera asanayambe, koma pofika 2014 adatsika kufika pa 31 mwa 100 aliwonse. Kafukufuku wina wochitikira kumidzi, wofalitsidwa mu 2018, adapeza kuti imfa za makanda zobwera ndi kutsegula m'mimba zidachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa olandira katemera.

Chiwerengero cha 31 chija chili ndi nkhope ziwiri, ndipo wogwira ntchito kumudzi ayenera kuzidziwa zonse. Ngakhale katemera atafala, kafukufuku wa ku Gulupu adapeza rotavirus akutsogolabe pakati pa zogoneka ana m'chipatala ndi matendawa, adenovirus akumutsatira pafupi. Akatswiri amatchula zifukwa zingapo zimene katemera wa m'kamwa amagwirira ntchito mofookerapo kuno kuyerekeza ndi ku Ulaya: kuperewera kwa zakudya, matumbo amene akulimbana kale ndi tizirombo tambiri, ndi zina zimene akuzifufuzabe. Mlangizi amene amalonjeza amayi kuti mwana wolandira madontho sadzatsegulanso m'mimba akudzikumbira dzenje, pakuti mwanayo adzatsegula ndithu, mwina ndi norovirus, mwina ndi rotavirus yemweyo. Lonjezo loona ndi locheperapo koma lolimba: mwana wotemeredwa kawirikawiri amadwala mopepuka, ndipo mwayi wakuti afike posowa mtsempha wa dilipi umachepa kwambiri.

Kuchoka ku Gulupu kulowera kumpoto, msewu wa M1 umadutsa Chirimba ndi Lunzu, nyumba n'kuyamba kutalikirana, mpaka ku Lirangwe ndi Mdeka kumene chisanu cha m'tauni chimasanduka fumbi ndi mphepo. Uku n'kumudzi kwa boma lomwelo la Blantyre, koma khomo la namwino uja lili kutali ngati dziko lina. Miyezi ya rotavirus kuno ndi miyezi yotonola chimanga, yokagulitsa nandolo ndi yothirira kudimba, pamene mayi amachoka m'bandakucha n'kusiya khanda ndi mwana mnzake. Chimene chimaima m'malo mwa Gulupu ndi kliniki ya m'mudzi, imene boma lidayamba kukhazikitsa m'madera ovuta kufikako cha m'ma 2008: mlangizi wa zaumoyo, tebulo pansi pa mtengo kapena pakhonde la tchalitchi, kaundula, ndi bokosi lokhoma lokhala ndi mapaketi a ORS, zinki ndi mankhwala a malungo ndi chibayo. Amathandiza ana a miyezi 2 kufika zaka 5. Zimene amayang'ana ndi zomwe zija za pakhomo la ku Gulupu, maso, khungu ndi kamwedwe, ndipo mwana wokana bere, wosanza chilichonse, wokomoka, wofooka kwambiri kapena wa chimbudzi cha magazi samusunga. Amamutumiza nthawi yomweyo, akumwetsedwa ORS m'njira.

Otsalawo amabwerera kunyumba ndi malangizo oti akatsegula m'mimba kulikonse apatsidwe ORS, mamililita 50 mpaka 100 kwa wosakwana zaka 2 ndi 100 mpaka 200 kwa wokulirapo, ndipo osungunula dzulo atayidwe pakatha maola 24. Phala lisaleke, lothira nsinjiro kapena kamafuta, ndipo akachira awonjezeredwe chakudya kamodzi patsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi limene lataika. Chovuta kutsata ndi zinki. WHO ndi UNICEF adamuika pamalangizo awo mu 2004 ataona kuti amafupikitsa matendawa ndi kuteteza mwana kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, koma ayenera kumwedwa masiku 10 mpaka 14, piritsi lathunthu la mamiligalamu 20 patsiku, kapena theka kwa khanda losakwana miyezi 6. Kutsegula kumaleka kale masikuwo asanathe, mwana n'kuyamba kusewera, ndipo kapepala ka mapiritsi kamatsomekedwa kudenga kuti kadzathandize tsiku lina. N'chifukwa chake mlangizi akamayendera banjalo patatha masiku angapo sayamba ndi kufunsa ngati mwana ali bwanji, poti akumuona yekha akukwawa pabwalo. Amapempha kapepala kaja n'kuwerenga mabowo ake, kenaka amatsegula buku la kusikelo patsamba la katemera kuti aone ngati mizere iwiri ya rota ili ndi madeti.